Jombo za Malemu m'Chipinda cha Mbewa

Nkhaniyi ndiinena kamodzi kokha, ndipo amene akufuna kuseka asekeretu pano tisanalowe mkati. Dzina la malowo sinditchula. Ndi nyumba yofufuzira matenda, kunja kwa tauni, kuseri kwa nkhalango ya bulugama. Anthu a m'midzi yozungulira amangoti ku Mbewa, chifukwa kumeneko mbewa zimawetedwa ngati nkhuku, zimadya chakudya chogula, ndipo palibe amene amaloledwa kuwambako ngakhale imodzi. Ine ndimatsuka mabotolo ndi timabokosi ta mbewazo. Chaka chino ndi chachisanu ndi chinayi.

Kumapeto kwenikweni kwa nyumbayo kuli chipinda chopanda zenera. Mbewa zimagona masana n'kumayenda usiku, ndiye ofufuzawo, posafuna kuchezera, anatembenuza nthawi. M'chipindamo magetsi amayaka ife tikaweruka, n'kuzima m'mawa tikamafika. Kunja dzuwa likamaswa mtengo, m'menemo muli mdima, kupatula kababu kamodzi kofiira kamene akuti mbewa sizikaona. Umalowa uli thukuta la masana, chitseko n'kutsekeka, basi uli pakati pa usiku, mbewa mazanamazana zikungoti tswa tswa tswa mu utuchi.

Chipindacho ankasamalira ndi a Makwinja. Zaka khumi ndi chimodzi sanajombepo. Ku maliro a mchimwene wawo anapita Loweruka madzulo, Lamulungu m'mawa anali atabwera kale kudzathira mbewa madzi. Anali munthu wa fodya wa mphuno, ndipo akanunkhiza ankayetsemula katatu, kachitatuko kamphamvu ngati akuthamangitsa mbuzi. Pamene khosi lawo linayamba kutupa, tonse tinawauza kuti apite kuchipatala.

"Mawa," ankatero. "Lero ndi tsiku losintha utuchi."

Mawa, mawa, mpaka kolala ya ovololo inasiya kutsekeka. Lachisanu lina anaweruka, anavula jombo zawo pakhomo la chipindacho monga mwa nthawi zonse, ndipo Lamulungu anamwalira.

Atameta maliro, mkazi wawo, mayi a Jenala, anabwera kudzapempha ovololo ndi jombo zija. Kwathu kuno katundu wa malemu amasonkhanitsidwa yense, achibale n'kugawana, n'kumuuza mwini wakeyo kuti za pansi pano zatha. Koma mkulu wosunga katundu anakana. Anati jombozo n'za pantchito, zili ndi nambala, si za pamudzi. Mayiwo anamanga bwino mpango wawo wakuda pageti pomwepo, n'kumapita.

Patatha sabata ziwiri analemba Edinesi. Anali mayi wa ana awiri, mwamuna wake anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera. Anamulemba kwa miyezi itatu yoyesedwa, ndipo anamuuziratu kuti akajomba pali anthu makumi awiri amene akudikira pageti. Wosunga katundu uja anamutulutsira jombo zomwe zija.

"Iwe, usavale zimenezo," ndinatero. "Mwini wake sanatsanzikidwe nazo."

"Ndiye ndilowe wopanda nsapato, achemwali? Kapena mundibwereke mapazi anuwo, akuoneka olimba kuposa jombo."

Zinali zazikulu. Anatenga nyuzipepala yakale, anaifinyafinya, n'kuikankhira m'jombomo. Anavala, anaponda kawiri, n'kuseka.

"Zandikwana ngati zimandidikira."

Tsiku lomwelo madzulo, tikusintha zovala, anandigwira dzanja n'kuliika pabere lake lakumanzere, chakukhwapa. Panali kanthu kolimba, kukula kwake ngati mtedza umodzi.

"Kayamba liti?"

"Nthawi yokolola. Sikapweteka."

"Pita akakaone."

"Mzere wa kuchipatala mumaudziwa. Ukafika tambala asanalire, umatuluka dzuwa likulowa, akuuze kuti ubwerenso Lachinayi. Ndipirire miyezi itatu yokha, ndikhazikike, kenako ndipita."

Ndinamuyang'ana. Mawu amenewo ndinali nditawamvapo kwa munthu wina wovala jombo zomwezo.

Mwini wake wa mbewa za m'chipindacho anali Dokotala Kaonga, mayi wamng'ono thupi, wolankhula mofulumira, amene ankaiwala kudya. Sabata yoyamba anamutenga Edinesi kumuonetsa ntchito, ine ndili pambuyo ndi ngolo ya mabotolo.

"Timabokosi ta makhadi oyera ndi ta makhadi ofiira tisasakanikirane," anatero. "Ukasakaniza, wandiphera zaka zitatu."

"Zikusiyana chiyani, adokotala? Zonse ndi ndiwo."

Dokotala anaseka. Anatulutsa mbewa ya khadi loyera, yaing'ono bwinobwino, kenako ya khadi lofiira. Iyi inali yaikulu, yonenepa moti mwana wa kumudzi akanaivinira, koma pansi pa mwendo wake panali chotupa chimene chinkaikoka poyenda.

"Thupi, lako kapena la mbewa, linamangidwa ndi tizinthu ting'onoting'ono totchedwa maselo. Selo limodzi limagawikana kukhala awiri, awiri kukhala anayi. Ndi mmene mwana amakulira, ndi mmene bala limapolera. Koma m'chibadwa muli kachidutswa kena kamene ntchito yake ndi ya ukapitawo. Selo likafuna kugawikana, kapitawoyo amati, ima kaye, tione ngati zonse zili bwino. Zikakhala bwino, amalilola. Zikalakwika, amaligwira mpaka zikonzedwe. Izi za makhadi ofiira tinazichotsa kapitawo ameneyo kuti tione chimene chimachitika."

"Ndiye chimachitika n'chiyani?"

"Ntchito imangopitirira. Palibe woti imani, palibe woti taweruka. Maselo amangogawikana, olakwika ndi abwino omwe. Poyamba mbewa imaoneka yathanzi kuposa zinzake. Kenako ndi izi ukuonazi."

Edinesi anakanda pakhwapa pake, n'kuchotsa dzanja msanga ataona kuti ndikumuyang'ana.

Zachilendo zinayamba pang'onopang'ono, moti munthu ukanatha kunena kuti n'kuiwala chabe.

Jombo za m'chipindacho sizituluka panja. Umazivula pakhomo n'kuvala nsapato zako. Edinesi ankazisiya zitaloza kunja, monga mmene munthu amavulira akamatuluka. M'mawa ankazipeza zitaloza m'kati, zili pafupi ndi chitseko, ngati munthu amene waima akudikira kumutsegulira. Tsiku lina anaponya phazi n'kulitulutsa msanga.

"Achemwali, tagwirani muno."

Munali motentha. Osati kutentha kwa dzuwa, pamenepo dzuwa silifika. Nyuzipepala ija inali itatulutsidwa n'kupindidwa bwinobwino pambali.

Chopalira utuchi chinasowa masiku awiri, n'kupezeka chitapachikidwa pamsomali wakumwamba kuseri kwa chitseko, pamene Edinesi safikira koma a Makwinja ankachisunga. Mabotolo amene ine ndinasiya opanda madzi Lachisanu anapezeka odzaza Lolemba. Ndinafunsa alonda ngati wina analowa. Anati makiyi anagona m'thumba mwawo.

Edinesi poyamba ankaseka. "Ngati pali wondithandiza, azithandiza. Angondisiyira malipiro."

Koma kuseka kunatha tsiku limene anatuluka m'chipindamo nthawi ya nkhomaliro, nkhope itachita phulusa. Anakhala pansi pafupi ndi sinki yanga, osavula n'komwe magolovesi.

"Ndimapala bokosi kumzere woyamba," anatero motsitsa mawu. "Ndikapala, ndimamva wina akupala kumzere wa kumapeto. Ndikasiya, iye sasiya. Ndinati mwina ndi mbewa. Kenako zonse zinangoti zii, nthawi imodzi, mbewa zonsezo. Ndiye wina anayetsemula."

"Kangati?"

"Katatu."

Edinesi sanawaonepo a Makwinja ali moyo, ndipo za fodya wawo palibe anamuuza.

Ndinati avule jombozo, azitaye m'dzenje. Anati akataya katundu wa nambala amuchotsa ntchito tsiku lomwelo. Ndinati ndimugulira zina pamsika. Tinagula, zobiriwira, zomukwana. Anazivala m'mawa umodzi. Pofika masana anapezeka ali m'zakale zija, zatsopanozo zili pakona, ndipo sanakumbuke nthawi imene anasintha.

Kuyambira pamenepo mtsikanayo anasiya kupuma. Nthawi ya tiyi sankatuluka. Nthawi ya nkhomaliro ankadya chiimire, mapazi akupondaponda pansi. Madzulo ena tinkapita limodzi ku sukulu ya kwacha kutchalitchi, koma iye ankangotembenukira kukhomo. Akulu a pantchito ankamutama. Ankati sanaonepo wantchito ngati ameneyu chichokereni a Makwinja. Masaya ake anali atalowa, koma ankanyamula matumba a chakudya cha mbewa awiriawiri.

Kamtedza kaja kanafika ngati dzira la nkhunda. Mwezi wachiwiri usanathe kanali ngati dzira la nkhuku, ndipo khungu la pamwamba linayamba kuchita timaenje ngati khoko la lalanje.

Lamulungu lina masana anabwera kwathu akupuma movutikira, ana awasiya kwa oyandikana nawo.

"Ndinali ndikuchapa," anatero. "Ndinangozindikira ndili m'kanjira ka m'bulugama, thovu la sopo lili m'manja. Patsogolo panga panali bambo wina, wamtali, wopanda nsapato. Ankayenda pang'onopang'ono, ine ndikufulumira, koma sindinamupeze. Sanatembenuke. Khosi lake linali lopendekera mbali imodzi. Nditafika pageti iye kunalibe. Alonda anandiyang'ana n'kunena kuti, mayi, mwatuluka nthawi yanji? Si inu mwalowa m'mawa uja?"

"Unawayankha chiyani?"

"Ndinathawa. Koma achemwali, miyendo inkafuna kulowa. Ndinachita kuikoka ngati ya munthu wina."

Lolemba ndinalowa naye m'chipindamo, ngakhale si ntchito yanga. Kuseri kwa chitseko kumakhala mapepala opachikidwa pathabwa, tsiku lililonse lili ndi kabokosi kake. Wosamalira mbewa akamaliza ntchito ya tsikulo amalembamo chilembo choyamba cha dzina lake. Edinesi anali atangophunzira kumene kulemba, ndipo E wake aliyense ankamudziwa: wamkulu, wotsamira kumbuyo, wodindidwa mwamphamvu mpaka pensulo kuboola pepala.

Anaunika ndi tochi yofiira. M'kabokosi ka dzulo, Lamulungu lija, munali E. Ka lero, ntchito asanayambe, munali E. Ka mawa munali E.

Tinatembenuza pepala. Mwezi wa Seputembala wonse unali wodzaza, Loweruka ndi Lamulungu lomwe, dzanja lake lomwelo, timabowo ta pensulo tomwe tija. Tinatembenuzanso. Okutobala anayamba chimodzimodzi. Koma kuyambira pa 9, m'kabokosi kalikonse munali zilembo ziwiri zogundana: M wamng'ono waukhondo, wa munthu wa sukulu ya kale, ndi E pambali pake. Zinapitirira choncho mpaka pepala lomaliza, ndipo pamene mapepala anathera, zinapitirira pathabwa penipeni.

Edinesi sanakuwe. Anangotsamira khoma n'kutsetsereka mpaka pansi.

"Akundikonzera malo," anatero. "Ana anga, achemwali. Wamng'onoyo sanayambe n'komwe sukulu."

Kumzere wa kumapeto, mumdima, wina anayamba kupala bokosi. Kwee. Kwee. Mosafulumira.

Ndinamukoka mpaka ku ofesi ya Dokotala Kaonga. Sindinagogode. Ndinaponya thabwa la mapepala patebulo pawo, kenako ndinati, "Vula, uwaonetse."

"Achemwali!"

"Vula, ndilibe nthawi ine."

Dokotala anayang'ana mapepala aja n'kuyamba kunena kuti kulemberatu masiku n'kulakwa kwakukulu. Koma Edinesi atatsitsa ovololo, mawuwo anathera pakamwa. Anaimirira, anagwira, anasinika m'khwapa.

"Miyezi ingati?"

"Isanu."

"Isanu! Ine tsiku ndi tsiku ndimayeza zotupa za mbewa ndi kachitsulo, pamene cha munthu chikudutsa pakhomo panga chitanyamula matumba! Mawa m'mawa upite kuchipatala chachikulu. Ndilemba kalata. Ntchito yako palibe aikhudze, ndikalankhula ndekha ndi akuluakulu."

Edinesi analira, anathokoza, anapinda kalatayo n'kuiika m'kamisolo. M'mawa mwake ndinamuperekeza ndekha pasiteji, ndinamukweza minibasi, ndinaona ikunyamuka. Nditafika kuntchito ndinamupeza m'chipinda cha mdima, atavala jombo, akupala bokosi, misozi ikuyenderera.

"Ndinatsika pa mlatho," anatero. "Sindikudziwa chifukwa chake. Ndimati ndiime, koma manjawa sakumva."

Lachitatu Dokotala anamunyamula pagalimoto yawo. Atafika pamzere wa kuchipatala, anapita kukafunsa za khadi. Pobwera pabenchi panalibe munthu. Edinesi anayenda wapansi mtunda wonsewo, dzuwa lili pamutu, mpaka zidendene kung'ambika. Pamene Dokotala ankafika kuntchito atatopa ndi kumufunafuna, iye anali atamaliza kale mzere woyamba.

Dokotala anakhala pa ndowa yanga yovundikira, atagwira mutu.

"Ine za mizimu sindidziwa," anatero. "Sindinaziphunzire, ndipo sindinganame kuti ndimazikhulupirira. Chimene ndikudziwa n'chakuti chotupacho sichidikira. Sabata iliyonse ikupita ndi yake."

"Ndiye mundilole ndikatenge munthu amene angamuuze mwini jombozi kuti aleke."

"Sing'anga muno ayi."

"Si sing'anga. Ndi mkazi wake."

Mayi a Jenala ndinawapeza kudimba akuthirira mpiru. Anamvetsera zonse osasiya kuthirira. Nditamaliza anaika kheni pansi.

"Ndinkadziwa," anatero. "Chimwalirireni sanabwerepo kumaloto ngakhale kamodzi. Amuna a anzanga amabwera, ena kudzadandaula, ena kudzapempha fodya. Wanga ndi wotanganidwa. Ali moyo ndinkamuona Lamulungu madzulo okha, ndiye atafa n'kumene angapeze mpata?"

"Mungabwere?"

"Anandibweza pageti ngati wakuba."

"Pali ana awiri, mayi. Pa 9 Okutobala akhala amasiye."

Anapukuta manja pachitenje, n'kupita kukavala nsapato.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Wosunga katundu anayamba za malamulo ake, koma Dokotala anamuuza kuti ngati akufuna jombozo azivale yekha alowe nazo. Anabwerera m'kachipinda kake n'kutseka. Mayi a Jenala tinawaveka chijasi choyera, chipewa cha pepala pamwamba pa mpango, ndi chophimba pakamwa.

"Koma ndiye andizindikira?" anafunsa. "Ndikuoneka ngati wophika pa ukwati wa olemera."

Palibe anaseka. Tinatsegula chitseko, tinalowa atatu, chinatsekeka pambuyo pathu.

Maso atazolowera kufiira kuja, tinamuona Edinesi pakati pa mizere. Ankatulutsa bokosi, kupala, kuthira utuchi, kubwezera, kutulutsa lina. Mabokosi amenewo anali atawasintha kale m'mawa womwewo. Milomo yake inali youma yong'aluka.

"Ndithandizeni," ananong'ona, manja osaima. "Ndatopa. Ndithandizeni."

Kumapeto kwa chipinda, kumene kuwala kwa kababu sikufika, kunkamveka kupala kwina, kukuyenda limodzi ndi kwake. Sindinena kuti ndinaona munthu. Ndinaona kuti pamalo amodzi mdima unali wautali kuposa pena ponse, ndipo unkawerama n'kuweramuka. Fungo la fodya linadzaza chipinda chonse. Dokotala anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa.

Mayi a Jenala anatsitsa chophimba pakamwa chija. Sanapemphere, sanaimbe. Analankhula ngati mkazi amene waima pakhomo pake chakudya chikuzizira.

"Bambo a Jenala."

Kupala kunapitirira.

"Bambo a Jenala, ndikulankhula ndi inu. Musandiyese mphepo."

Mbewa zonse zinati zii.

"Tinakuikani m'manda mwezi wa Meyi. Mwina simunamve, munali otanganidwa. Tinalira, tinameta, katundu tinagawa. Njinga anatenga Jenala. Jekete lija anatenga malume anu, silikuwakwana koma akuvala. Khasu lili ndi ine. Zatsala ndi jombozi, ndipo ndabwera kudzazitenga."

Kwee. Kupala kumodzi, kofooka, ngati funso.

"Mbewa zili ndi eni ake. Zidya, zimwa, simunazibereke ndinu. Tinakuuzani kuti imani muonetse khosilo, munati mawa. Taonani mawa lanulo. Tsopano mukufuna mutenge mwana wa eni ake kuti muzinena naye mawa awiriwiri? Manyazi mulibe? Siyani chopaliracho."

Mawu awo anasweka pamenepo. Kenako ananena motsitsa:

"Mwaweruka, bambo. Mwagwira, yakwana. Tiyeni kunyumba mukagone."

Tinadikira. Sindikudziwa kuti nthawi inapita yotalika bwanji. Kenako chitsulo chinagwa pasimenti kumapeto kuja, ngwee, n'kugubuduka pang'ono. Manja a Edinesi anaima m'malere. Bokosi linamupulumuka, utuchi n'kumwazika, iye n'kugwa chagada. Ine ndi Dokotala tinamugwira, ndipo mayi a Jenala anagwada n'kumuvula jombo, imodzi, kenako inzake. Zinavuka mosavuta ngati zinali zisanamugwirepo.

Anaziika m'thumba la ufa limene anabwera nalo. Polinyamula anadzandira.

"Koma ndiye mwalemera," anatero, osalankhula ndi ife. Anasenza thumbalo pamutu n'kutuluka nalo pageti, alonda akuyang'ana kumbali.

Edinesi anatuluka wopanda nsapato. Tsiku lomwelo Dokotala anapita naye kuchipatala, ine nditakhala naye kumbuyo, ndipo anakhala pabenchi mpaka dzina lake linaitanidwa. Achipatala anadula kachidutswa ka chotupacho kukayeza. Inali khansa. Patatha sabata zitatu anachotsa bere lonse ndi za m'khwapa. Madokotala a kumeneko anati wachedwa, koma khomo linali lisanatsekeke. Anati akanadikira kuti miyezi yake itatu ithe, bwenzi akunena zina.

Mapepala aja Dokotala anawatentha pamodzi ndi thabwa lake, n'kupachika atsopano. Koma tsiku lija tonse tinali titaliwerenga, ndipo kutentha pepala sikufufuta zimene zili m'mutu.

Pa 9 Okutobala ndinajomba, koyamba pa zaka zanga zonse kumeneko. Ndinapita kwa Edinesi m'mawa. Anali atagona pamphasa pakhonde, bandeji ili pachifuwa, mankhwala atamufooketsa moti kapu ya madzi ankachita kumugwirira. Ana ndinawatumiza kukasewera kutali.

Cha m'ma eyiti, nthawi yoyamba ntchito, zala za kumapazi kwake zinayamba kugwedera. Kenako zidendene zinayamba kugunda pamphasa, kumanzere, kumanja, kumanzere, ngati munthu akuyenda chogona.

"Achemwali," anatero, maso ali tong'o. "Yayamba."

Ndinakhala pamiyendo yake. Ndine munthu wathupi, aliyense amadziwa, koma miyendo ya mayi wodwalayo inkandinyamula. Ndinagwira akakolo ndi manja awiri.

"Supita kulikonse. Ima."

"Mabotolo alibe madzi."

"Ali ndi eni ake. Ima."

"Mukundithyola, mayi inu! Mumadya chiyani?"

"Ndimadya za anthu osamva. Ugone."

Tinalimbana choncho dzuwa likukwera, likufika pamutu, likupendeka. Anandipempha, ananditukwana, analira, anatchula ana ake mayina. Ine msana unachita dzanzi, koma sindinasunthe ngakhale kukataya madzi. Anthu odutsa ankaima pamsewu n'kumatiyang'ana. Ndinawauza kuti amene alibe chochita abwere adzagwire mwendo winawu.

Chakumadzulo, kutali kuseri kwa bulugama, chitsulo cha alonda chinalira, chija amamenya nthawi yoweruka. Miyendo ija inagunda kamodzi, n'kufewa m'manja mwanga. Ndinayang'ana nkhope yake. Ndinaika khutu pamphuno pake.

Ankapuma. Anali atagona tulo, pakamwa pali yasa, ngati mwana.

M'mawa mwake ndinafika kuntchito alonda asanasinthane. Sindinapite kusinki. Ndinalunjika kumapeto kwa nyumba, ndinatsegula chitseko chija, mbewa zikuchita phokoso lawo la masiku onse. Ndinayatsa tochi yofiira n'kuunika pepala latsopano. Ndinatsata ndi chala, pa 7, pa 8, chilembo cha Dokotala amene ankasamalira okha mbewa zawo masiku amenewo. Pa 9 iwonso sanalowe, anali kumsonkhano, ndipo mabotolo anali atawadzaziratu.

Kabokosi ka pa 9 kanali koyera. Munalibe kanthu.

Edinesi anabwerera kuntchito mvula itayamba, ndi jombo zobiriwira zija. Tsitsi linathothoka n'kumeranso. Kuchipatala amapitabe miyezi itatu iliyonse, ndipo tsiku limenelo kabokosi kake kamakhala kopanda kanthu, palibe amafunsa. Mayi a Jenala akuti bambo aja anabwera kumaloto kamodzi, atakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, osachita chilichonse, ndipo akuti ankaoneka ngati sakudziwa poika manja.

Koma ine ndili ndi chizolowezi chimene achinyamata atsopano amandiseka nacho. Chitsulo chikalira madzulo, ndisanavale nsapato zanga, ndimapita kumapeto kuja, ndimatsegula chitseko pang'ono, ndimalowetsa mutu mumdima muja n'kunena mokweza kuti, "Taweruka!"

Ndiye ndimadikira kaye, mpaka nditatsimikiza kuti zimene zikupalapala m'menemo ndi mbewa zokha.